Mulibe MASM? Mayi anu angathe kupimitsa BP osalipira

Mayi wina wa ku Lizulu watilembera pa imelo. Amagulitsa mbatatesi ndi kabichi m'mbali mwa msewu, alibe inshuwalansi ya zachipatala ya MASM, ndipo mayi ake akhala akudandaula mutu ndi chizungulire. Akufunsa ngati angamawapimitse pafupipafupi popanda kudya mpamba wa geni.

Mayi, n'zotheka. Kuchipatala cha boma simulipira kuonana ndi adokotala, kupimitsa magazi, ngakhale mankhwala amene alipo. Ndalama zimathera pa thiransipoti ndi pa mankhwala amene asowa, choncho yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi, osathamangira ku Ntcheu boma. Vuto likakhala lalikulu akulemberani kalata yokutumizani kuboma, mwina mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Lawirirani m'mamawa, buku la kuchipatala lili m'manja. Bukuli lisungeni m'pepala la pulasitiki, chifukwa likanyowa kapena kutayika adokotala sadziwa mankhwala amene mayi ankamwa, ndipo zonse zimayambiranso pachiyambi. Mayi anu akafika ali wefuwefu ndi ulendo, akhale pansi mphindi 5 asanawapime, apo ayi makina aonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Ikafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyana, pemphani kuti awalembetse ku kiliniki ya BP ndi shuga, komwe amapereka tsiku lobweranso. Pokapimitsa shuga asadye chilichonse kwa maola 8, ngakhale tiyi. Madzi okha angamwe.

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi kusiya mankhwala mutu ukangoleka. BP imatha kukwera munthu osamva kupweteka kulikonse, mpaka tsiku lina n'kufa ziwalo. Mankhwala monga amlodipine kapena HCTZ amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo wosintha mlingo ndi adokotala okha. Pitani mukatenge ena kukadali mapiritsi a sabata imodzi. Akakuuzani kuti atha, pemphani alembe m'buku dzina la mankhwalawo ndi mphamvu yake, monga 5mg, mukagule ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Apamsika aja, ouma ndi dzuwa pa thebulo, asiyeni. Muzipatula kangachepe pa geni sabata iliyonse kuti tsiku lotere lisakupezeni chimanjamanja.

Zipatala za mishoni za CHAM, monga Mua ku Dedza, zimalipiritsa, ndiye funsani mtengo musanayambe ndipo mulandire risiti. Wina akakuitanitsani ndalama mseri kuchipatala cha boma, kanenani kwa ombudsman, wolandira madandaulo wa pachipatalapo.

Koma mukaona kamwa ya mayi yapindika, dzanja lafooka kapena mawu sakumveka, musadikire tsiku la kiliniki. Pezani galimoto nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.