Alamu ikakhala chete sizitanthauza kuti gasi sakutuluka

Achemwali, mwanena kuti m'nyumba yomwe mukuchita lendi ku Leicester, ku England, mumamva kafungo ka gasi kukhitchini m'mawa mukadzuka, koma alamu yomwe mwini nyumba anaika silira, ndiye mukufunsa ngati mungangozisiya. Musazisiye ayi. Imbani 0800 111 999 lero lomwe. Nambalayi ndi yaulere, imayankhidwa usana ndi usiku ku England, Scotland ndi Wales, ndipo akabwera kudzaona sakulipiritsani.

Musanaimbe, tsegulani mawindo ndi zitseko, zimitsani moto uliwonse, ndipo musakhudze swichi yamagetsi, kaya kuyatsa kaya kuzimitsa, chifukwa mkati mwa swichi mumathetheka kamoto komwe kangathe kuyatsa gasi. Pitani pamita ya gasi, mupeza chogwirira pa paipi yolowa. Chikakhala chogona motsatira paipi ndiye kuti gasi akudutsa. Chitembenuzeni mpaka chipingase paipiyo. Ngati mita ili m'chipinda chapansi pa nthaka ndipo fungo likuchokera komweko, musatsikeko. Foni kaimbireni panja.

Tsono za alamuyo. Ichotseni pakhoma muwerenge kumbuyo kwake. Mukaona EN 50291, imeneyo ndi ya carbon monoxide, mpweya wapoizoni wopanda fungo womwe umabwera gasi akamayaka moperewera mu boila (makina otenthetsa madzi ndi nyumba) kapena pakuka (chitofu chophikira). Ndi alamu yofunika kwambiri, muibwezeretse pamalo pake, koma gasi wosayaka yemwe akuthawa m'paipi siimumva n'komwe, ngakhale atadzaza khitchini yonse. Ya utsi nayonso chimodzimodzi. Yomwe imamva gasi woyaka imalembedwa EN 50194, kawirikawiri imalumikizidwa kumagetsi, ndipo m'nyumba zambiri za lendi mulibe.

Gasi wam'mapaipi ku Britain pafupifupi yense ndi methane. Mwachibadwa alibe fungo. Fungo lonunkha lija amachita kuthiramo dala, mankhwala a mtundu wa mercaptan. Mu 1937 sukulu ya ku New London, m'chigawo cha Texas ku America, inaphulika ndi gasi yemwe palibe anamumva, ndipo anthu pafupifupi 300 anafa, ambiri mwa iwo ana. Zitatero boma la Texas linalamula kuti gasi azithiridwa fungo. Methane amayaka akafika pakati pa 5 ndi 15 peresenti ya mpweya wam'chipinda, pomwe fungolo analikonza kuti munthu alimve gasi asanafike pamenepo ndi patali. Ndiye mphuno yanu yakuchenjezani nthawi ikadalipo. Vuto lake mphuno imazolowera msanga. Mukakhala m'fungomo mphindi zingapo mumasiya kulimva, n'kumaganiza kuti latha. Wachimfine, kapena yemwe anasiya kumva fungo atadwala Covid-19, sangadalire mphuno. Komanso gasi akathawa m'paipi yapansi pa nthaka n'kulowa m'nyumba kudzera m'ming'alu, dothi limatha kuyamwa fungolo, iye n'kufika wopanda chizindikiro.

Kumva fungo m'mawa mokha n'chizindikiro cha potulukira pang'ono: usiku mawindo ndi otseka, gasi amaunjikana, masana amamwazika. Kafungo ka masekondi ochepa poyatsa kuka sikodetsa nkhawa, koma kopezeka zonse zili zozimitsa ndi nkhani ina. Malo okayikitsa ndi kabatani ka kuka komwe sikanabwerere bwino, paipi yofewa yakumbuyo kwa kuka yomwe imapindika anthu akamakoka kuka posesa, ndi molumikizira mapaipi pafupi ndi mita kapena boila.

Wodziwa ntchito akabwera sadalira mphuno. Amalumikiza choyezera mphamvu ya gasi pamita, kaya chija cha madzi chopindika ngati U kaya chamagetsi. Amayamba waona ngati chotsekera chachikulu chikutsekadi, kenako amafikitsa mphamvu pa 20 mbar (muyezo wa mphamvu ya gasi), amadikira mphindi imodzi kuti ikhazikike, n'kuyang'anira mphindi ziwiri. Ikatsika ndiye kuti penapake pakutuluka, ndipo apo amafufuza ndi kachipangizo konunkhiza gasi komanso thovu lopopera pa cholumikizira chilichonse. A nambala yangozi aja ntchito yawo ndi kuchotsa chiopsezo, ndiye akhoza kukutsekerani gasi. Kukonza mkati mwa nyumba ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo wokonzayo akhale wolembetsedwa ku Gas Safe, kaundula wa akatswiri ovomerezeka kugwira ntchito za gasi. Muuzeni akuonetseni khadi lake, kumbuyo kumalembedwa mitundu ya ntchito zomwe amaloledwa kugwira. Lamulo limatinso mwini nyumba aziyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse ndi kukupatsani pepala lake. Ngati simunalilandire, lifunseni. Inu eni ake musamasule kapena kumanga chilichonse pa paipi.

Mukagula alamu ya gasi, poika pake ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Methane ndi wopepuka kuposa mpweya, amakwera kudenga, ndiye alamu ikhale m'mwamba, pafupifupi masentimita 30 kuchokera kusiling'i, pamwamba pa mulingo wa chitseko ndi zenera, mita imodzi kapena kuposerapo kuchokera pakuka. Osaiika pamwamba penipeni pa kuka, mafuta ndi nthunzi zimaipha; osaiika pafupi ndi zenera kapena fani yotulutsa mpweya, gasi sadzaifikira. Mukangoibaya pa soketi yapansi pafupi ndi firiji, idzalira mochedwa zedi. Mankhwala opopera monga a tsitsi kapena ophera tizilombo amatha kuiliza popanda vuto. Kachipangizo kamkati kamatha mphamvu, kawirikawiri pakapita zaka zisanu, ndiye onani deti lomwe alembapo.

Kwa abale omwe akuwerenga ali ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata, zanu ndi zosiyana. Gasi wam'silinda si methane, ndi propane ndi butane, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya. Akathawa amayenderera pansi ngati madzi, n'kukadikha pansi pa kabati, m'ngalande kapena pakona, ndipo amayaka atangofika pafupifupi 2 peresenti. Alamu yake imaikidwa pansi, masentimita osaposa 30 kuchokera pasimenti, ndipo potulutsa gasiyo chitseko chimathandiza kuposa zenera lam'mwamba. Mbaula yamakala yomwe ili pansi pakhomo la khitchini ichoke kaye.

Nthawi iliyonse mukasintha silinda, sungunulani sopo m'madzi pang'ono, pakani thovu pakamwa pa silinda, pa regyuleta ndi kumapeto konse kwa paipi, mutsegule gasi kuka ili yozimitsa. Thovu likamakula n'kumaphulika pamalo amodzi, tsekani pasilinda, potulukira ndi pomwepo. Mukamaliza pukutani sopoyo kuti asadye chitsulo. Chonde, kuyesa ndi machesi ayi, anthu amapsa nazo zimenezi. Kawirikawiri cholakwika ndi karabala kapakamwa pa silinda komwe kang'ambika kapena kagwa, paipi youma yomwe yachita ming'alu, kapena yomangidwa ndi waya ndi mphira m'malo mwa kilampu yachitsulo. Paipi ikhale ya gasi yeniyeni, osati yamadzi, ndipo isadutse pomwe imawauka ndi moto. Silinda iziima chilili pamalo podutsa mphepo, ndipo mukamaliza kuphika tsekani pasilinda penipeni, osati pakuka pokha.