Kodi ROS ndiitsitse yomangidwa kale, kapena ndiimange ndekha?

ROS (Robot Operating System) ndi gulu la mapulogalamu othandiza kupanga ndi kuyendetsa maloboti. Wophunzira wina wa uinjiniya wafunsa kuti: "Ndikufuna kuyamba za maloboti ndi ROS 2. Anzanga akuti katswiri weniweni amaimanga yekha kuchokera ku source code (malamulo a pulogalamu monga momwe opanga anawalembera), satsitsa yomangidwa kale. Nditani?"

Tsitsani yomangidwa kale, ndipo musachite nazo manyazi. Pa Ubuntu (mtundu wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta), mukalumikiza kompyuta yanu ku nkhokwe ya mapaketi (zigawo za mapulogalamu) a ROS, mumangolemba lamulo loti sudo apt install ros-jazzy-desktop n'kudikira. Tsiku lomwelo mutsegula pulogalamu yophunzirira yotchedwa turtlesim n'kuyamba kuyendetsa kakamba pa sikirini ndi mabatani a mivi. Kakambako musakaderere. N'komwe kadzakuonetseni mmene zigawo za pulogalamu ya loboti, zomwe amati ma node, zimatumizirana mauthenga kudzera pa njira zotchedwa ma topic. Ntchito yonse ya ROS yagona pamenepo.

Samalani chinthu chimodzi: ROS iliyonse ili ndi Ubuntu yake. ROS 2 yotchedwa Jazzy, yomwe inatuluka mu Meyi 2024, imayenda ndi Ubuntu 24.04 ndipo azidzaisamalira mpaka 2029. Humble ya 2022 imafuna Ubuntu 22.04. Noetic ya ROS 1 yakale anasiya kuisamalira mu Meyi 2025, choncho musayambire kumeneko. Nthawi zambiri apt, pulogalamu yotsitsira mapaketi, ikakana, vuto limakhala loti Ubuntu ndi ROS sizikugwirizana, ndiye munthu amathamangira ku source poganiza kuti palibe njira ina.

Kumanga ROS yonse nokha n'kukoka code ya mapaketi mazanamazana ndi pulogalamu ya vcs, kuuza pulogalamu ina yotchedwa rosdep isake zonse zomwe mapaketiwo amadalira, kenako kumanga zonsezo ndi lamulo la colcon build, ntchito yomwe imatha kudya maola. Pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, memory ikachepa, kamakinako kamangouma pakati pa ntchito. Ikaima ndi mizere ya zolakwika, inu amene simunaonepo ROS ikuyenda bwino mudziwa bwanji ngati wavuta ndi compiler (pulogalamu yosandutsa code kuti kompyuta iimve), laibulale ya code yosowa, kapena lamulo lomwe munalumpha? Zimandipweteka kuona wophunzira wa chidwi akugwa ulesi asanayendetse ngakhale gudumu limodzi.

Anzanuwo ali ndi mfundo, luso lomanga mapulogalamu ndi lofunikadi pantchito. Koma lidzakupezani msanga. Mukangolemba paketi yanu yoyamba, mudzaimanga ndi colcon mu workspace yanu (foda yogwiriramo ntchito), pamwamba pa ROS yomwe munatsitsa ija. Tsiku lina mukadzafuna kusintha paketi ya wina, mwina yowerenga kamera, mudzakoke imodzi yokhayo n'kuimanga momwemo. Kumanga yonse kusiyireni nthawi yomwe makina anu alibe mapaketi okonzedwa kale, kapena mukufuna kukonza cholakwika m'kati mwa ROS mwenimwenimo.

Mukadzapita kofunsira ntchito kapena maphunziro apamwamba, tengani kavidiyo ka loboti yanu ikuzemba khoma, ndi code yomwe munalemba nokha yoti anthu aiwerenge. Akakufunsani chifukwa chomwe inakhotera kumanja, mukhale ndi yankho.