Chifukwa chake ogwira ntchito sakuyang'ana digital twin ya munda wanu

Mwafunsa chifukwa chake ogwira ntchito sakugwiritsa ntchito digital twin, kope la munda wanu la pakompyuta, ngakhale masensa (zipangizo zoyezera chinyezi m'dothi) akugwira bwino. Nthawi zambiri vuto limakhala mmene mukuonetsera zimene masensawo ayeza.

Tsamba loyamba likhale mapu a munda, osati magirafu khumi. Munthu ali padzuwa, foni ili m'manja, akufuna yankho limodzi: ndithirire gawo liti lero? Mitundu itatu ndi yokwanira. Musadalire wofiira ndi wobiriwira okha, chifukwa pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 amavutika kuisiyanitsa. Wabuluu ndi walalanje ndi wabwinoko.

Nambala payokha imasocheretsa. Chinyezi cha 20% n'chochuluka m'dothi lamchenga, koma m'dothi lamakande mbewu zikhoza kukhala zayamba kale kufota. Choncho pa girafu iliyonse jambulani mizere iwiri malinga ndi dothi la gawolo: pamene dothi lakhuta madzi, ndi pamene muyenera kuthirira. Lembaninso kuya kwa sensa, kaya masentimita 15 kapena 45.

Choopsa kwambiri ndi nambala yakale yooneka ngati yatsopano. Batire la sensa likatha, gawolo lisanduke lotuwa ndipo lionetse nthawi imene linayezedwa komaliza. Zithunzi za munda zojambulidwa ndi masetilaiti a Sentinel-2 zimabwera pafupifupi masiku 5 aliwonse, ndipo mitambo imazitchinga, motero deti lake lioneke poyera. Zoyezedwa zikhale mzere wolunzana, zolosera zikhale mzere wodukaduka.

Kenako patsani anthu asanu foni m'munda momwemo, osawafotokozera kanthu, muone pamene akukakamira.