Zitini ziwiri usiku uliwonse zamuchulukira mnyamatayu

Mayi ena a ku Chinamwali, ku Zomba, andilembera kuti mnyamata wawo wa Fomu 4 akumamwa zitini ziwiri za zakumwa zopatsa mphamvu usiku uliwonse kuti achezere kuwerenga za MSCE. Akuti kukacha manja amanjenjemera, mtima umathamanga, ndipo aphunzitsi adandaula kale kuti akusinza m'kalasi. Akufunsa ngati amuletse.

Mayi, mwachita bwino kufunsa msanga. Tengani chitini chimodzi muchitembenuze, muwerenge timalemba ta kumbuyoko. Chimene chimathamangitsa tulo ndi kafini, ndipo amamuyeza m'mamiligalamu. Zambiri mwa zakumwazi zimakhala ndi mamiligalamu 32 pa mamililita 100 aliwonse. Ndiye chitini chachikulu cha mamililita 500 chili ndi 160, pamene kapu ya tiyi wathu wa ku Thyolo ndi Mulanje imakhala ndi 40 kapena 50 basi.

Bungwe loona za chakudya ku Ulaya la EFSA linanena mu 2015 kuti wamkulu asapyole mamiligalamu 400 patsiku, mayi woyembekezera 200, ndipo mwana mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Ngati mnyamata wanu akulemera makilogalamu 50, malire ake ndi 150. Chitini chachikulu chimodzi chapyola kale. Ziwiri ndi 320.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ine ndi tulo. Kafini sachotsa kutopa, amangokubisa. Ndipo amachedwa kutuluka: pakapita maola pafupifupi 5, theka lake limakhala likadali m'magazi. Womwa 9 koloko usiku, 2 koloko amakhala akungotembenuka pabedi. Chonsecho ubongo umasunga bwino zimene wawerenga munthu akagona. Mwanayu akuwerenga masamba ambiri koma zotsala m'mutu n'zochepa, mawa lake n'kuphonyanso za m'kalasi.

Musamulande zitinizo mwaukali, mutu ungamupweteke masiku angapo akasiya mwadzidzidzi. Khalani naye pansi muwerengetse limodzi manambalawa, iye ndi wa Fomu 4, masamuwa awamva. Achepetse pang'onopang'ono mpaka atsale ndi kapu ya tiyi m'mawa. Azigona maola 8, n'kulawirira kuwerenga m'mamawa. Ndikudziwa kuti kuzizira kwa ku Zomba mu Juni kumakaniza munthu kuchoka m'bulangete, koma madzi ofunda osukusula ndi phala zimathandiza.

Mtima ukapitiriza kuthamanga ngakhale wasiya, kapena akamva kupweteka pachifuwa, pitani naye ku Zomba Central Hospital tsiku lomwelo, ndipo mutenge chitini chimodzi kuti adokotala akaone chimene wakhala akumwa.