Kakowa ndi bowa wa pachulu: ndani amadalira mnzake kwambiri?

Mayi wina wa ku Area 25 anandilembera imelo sabata yatha. Iwo akuti popita ku Mitundu anaona akakowa akutsata ng'ombe m'dambo, ndipo pobwerera anagula bowa wa pachulu m'mbali mwa msewu. Tsono akufunsa ngati kudalira kwa kakowa pa ng'ombe kuli kofanana ndi kudalira kwa bowayu pa chiswe. Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Yankho langa ndi lakuti sizifanana.

Kakowa amatsata ng'ombe chifukwa zikamayenda m'udzu zimavumbulutsa ziwala ndi tizilombo tina, ndipo iye amangotola. Ambiri amakhulupirira kuti chakudya chake chenicheni ndi nkhupakupa, koma izo amadya mwa apo ndi apo. Ng'ombe zikasowa, amatsata thirakitala imene ikulima, kapena amapita m'mphepete mwa madzi kukasaka achule. Kakowa anawolokanso nyanja ya Atlantic kuchokera kuno ku Africa, ndipo lero amapezeka mpaka ku America.

Nkhani ya bowa wa pachulu, umene akatswiri amautcha Termitomyces, ndiyo imandichititsa chidwi kwambiri, chifukwa chiswe chimachita kumulima. Chimatuta udzu wouma ndi zidutswa za mitengo, n'kuzitafuna, n'kuumba zisa m'kati mwa chulu, momwe kutentha ndi chinyezi sizisinthasintha. Ulusi wa bowayu umamera pa zisazo n'kufewetsa zolimba zimene chiswe sichikanatha kugaya chokha, ndipo chiswecho chimadya zisa zofewazo pamodzi ndi timibulu toyera ta bowa. Zimene timazula ife mvula ikagwa mu Disembala ndi Januwale ndi mbali yobereka chabe, n'chifukwa chake tsinde lake limakhala ndi mchira wautali wolowa pansi mpaka pa chisa. Mtundu wina, Termitomyces titanicus, umene akatswiri anaulemba m'mabuku mu 1980 ataupeza ku Zambia, chipewa chake chimatha kutambalala kufika mita imodzi.

Choncho ng'ombe zikachoka, kakowa amangouluka kukadya kwina, koma chiswe chikafa, bowa wa pachulupo amathanso. Ichi n'chifukwa chake zimandipweteka mtima kuona anthu akuthira mankhwala m'chulu chilichonse pamene akutsegula mapuloti atsopano m'mbali mwa mzinda wathu, ngakhale chulu chimene chili kutali ndi nyumba.