Achemwali, amayi muwatengere ku Sergiev Posad, koma mulawire

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati amayi akubwera ku Moscow kudzaonerera mukulandira digiri, tsiku lomasuka muli nalo limodzi lokha, ndipo mukusowa chosankha pakati pa Suzdal ndi Sergiev Posad. Mwanenanso kuti mawondo amawavuta. Choyamba, mwagwira ntchito, Mulungu akudalitseni. Kunena za ulendowo, ine sindikayika ngakhale pang'ono: pitani ku Sergiev Posad.

Suzdal ndi kokongola, sindikana. Koma kuli pa mtunda wopitirira makilomita 200, sitima siifikako, mumatsikira ku Vladimir n'kukwera basi, ndipo mukafika matchalitchi ake ndi omwazikana. Kwa munthu wamkulu tsiku lingathere m'njira, n'kubwerera miyendo itatupa. Sergiev Posad ili pa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Moscow, ndipo zonse zimene mukupitira zili mkati mwa linga limodzi. Malowo dzina lake ndi Troitse-Sergieva Lavra, nyumba ya amonke ya Utatu Woyera, ya mpingo wa Orthodox wa ku Russia. Anthu amangoti Lavra, ndipo mukafunsa njira ndi dzina limeneli aliyense adzakulozerani.

Kwerani metro, sitima ya pansi pa nthaka ija, mpaka Komsomolskaya, mutulukire ku siteshoni ya Yaroslavsky. Pamenepo pali masiteshoni atatu oyandikana, ndiye muonetsetse chikwangwani musanalowe. Sitima zamagetsi zija amati elektrichka, zopita ku Sergiev Posad kapena zopitirira mpaka ku Aleksandrov, zimatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Ilipo ina yothamanga imene imatenga ola limodzi ndi mphindi zochepa, mipando yake ndi yofewa, ndipo chifukwa cha amayi ndalama yowonjezerayo musaiumire. Tikiti musataye mukakwera, imafunikanso potuluka. Basi nambala 388 yochokera pafupi ndi siteshoni ya metro ya VDNKh iliponso, koma Loweruka m'chilimwe msewu umenewo umadzaza ndi anthu opita ku timinda tawo ta kunja kwa mzinda. Yesetsani kuti 9 koloko ikukwana muli mutafika kale.

Kuchokera pa siteshoni ndi ulendo wa mphindi ngati 15 wapansi. Ndikudziwa mudzafuna kuwatengera takisi amayi, koma ngati angakwanitse, yendani pang'onopang'ono popita, takisiyo mudzakwere pobwerera. Chifukwa chake ndi kaphiri kotchedwa Blinnaya Gora kamene kali m'njiramo. Mukaima pamenepo Lavra yonse imaonekera nthawi imodzi: linga loyera, nsanja, ndi madenga obulungira ngati anyezi, ena agolide, ena abuluu okhala ndi nyenyezi. Zithunzi zanu zonse za banja mujambulire pomwepo, mtima ukhazikike, kuti mukalowa mkati foni ipume m'chikwama.

Izi ndikunena dala. Anthu ambiri amapita ku Lavra ngati akupita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, amazungulira ola limodzi, kujambula, kugula chidole, n'kumapita. Amenewo amabwerako ataona makoma okha. Kumeneku amonke akukhalabe, mapemphero amachitika tsiku lililonse, muli sukulu yaikulu ya zaubusa imene inasamukira kumeneko mu 1814, ndipo anthu amachokera kutali kwambiri atasenza mavuto awo. Amayi, kaya ndi a Mvano, kaya ndi a Katolika, adzazindikira msanga kuposa inu kuti afika pamalo opempherera.

Ndiye za kavalidwe tikambiranetu. Akazi amafunda kumutu ndipo amavala siketi yofika m'munsi mwa mawondo, mapewa obisika. Kwa amayi athu izi si zachilendo, duku ndi chitenje basi zakwana. Inuyo muponye mpango m'chikwama. Ngati pali mwamuna amene akuperekezani, asavale kabudula, ndipo chipewa avule polowa m'tchalitchi.

Polowa pa chipata chachikulu musathamange. Pa makoma a chipatacho anajambulapo moyo wa mwini malowo, Sergius wa ku Radonezh, ndipo mukawafotokozera amayi pamenepo zonse za mkati zidzamveka. Anali mnyamata wotchedwa Bartholomew amene makolo ake atamwalira analowa m'nkhalango pamodzi ndi mkulu wake Stefan, cha m'ma 1337, n'kumanga kachisakasa ndi katchalitchi ka mitengo. Mkulu wakeyo moyo wa m'thengo unamukanika, anapita ku Moscow. Sergius anatsala yekha, ndipo anthu amasimba kuti ankagawana buledi wake ndi chimbalangondo, mudzachiona pa khomapo. Ena atayamba kubwera kudzakhala naye, iye ankatunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kusoka zovala ngati wina aliyense. Atamupempha kuti akhale mkulu wa mpingo wonse wa dzikolo anakana. Mu 1380 kalonga Dmitry wa ku Moscow anabwera kudzapempha madalitso kwa iye asanapite ku nkhondo ya ku Kulikovo. Anamwalira mu 1392. Mzinda wonse umene mwadutsamo kuchokera ku siteshoni unamera mozungulira kachisakasa kaja.

Mukalowa, maso adzakukokerani ku tchalitchi chachikulu cha madenga abuluu chimene chili pakati. Chisiyeni kaye. Pitirirani mpaka kumapeto, kumene kuli tchalitchi chaching'ono cha miyala yoyera chokhala ndi denga limodzi lagolide, Troitsky Sobor. Chinamangidwa mu 1422 ndi 1423, ndipo mtima wa malo onsewa uli mmenemo, chifukwa ndi mmene muli thupi la Sergius, m'bokosi lasiliva. Pakhomo pamakhala mzere. Ulendo wanga woyamba ndinafika masana Lamulungu, mzere unali utazungulira bwalo, ndinabwerera osalowa ndipo zinandipweteka mtima. Nditabwereranso m'mawa wa tsiku la pakati pa sabata sindinadikire nthawi yaitali. N'chifukwa chake ndikuumirira zolawira.

Mkatimo ndi mwamdima. Kuwala kumachokera ku makandulo ndi tinyale tamafuta tolendewera, fungo la lubani ndi phula lili ponseponse. Wansembe amawerenga mapemphero pafupi ndi bokosilo pafupifupi tsiku lonse, ndipo anthu amayankha ndi nyimbo, popanda ng'oma, popanda limba, mawu okha. Mawu amene mudzamve mobwerezabwereza ndi akuti "Gospodi pomiluy", ndiye kuti Ambuye mutichitire chifundo. Amayi mukawauza zimenezi adzatha kutsatira ngakhale sadziwa Chirasha. Mzere umayenda pang'onopang'ono, munthu akafika amalemba chizindikiro cha mtanda, kuwerama, kupsompsona bokosilo, n'kudutsa. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola zopsompsonazo, palibe amene adzakukakamizeni. Mungathe kungoima chapambali mwakachetechete. Ine ndinaima pafupi ndi gogo wina amene ankanong'ona mayina a ana ake limodzi ndi limodzi, misozi ikutsika, ndipo ndinakumbukira mmene amayi athu amatchulira ana awo popemphera m'bandakucha. Apa musaonerepo wotchi. Ngati pali malo oti muwononge ola lathunthu, ndi amenewa.

Kwezaninso maso muone khoma la zithunzi zopatulika limene lili kutsogolo. Anajambula ndi Andrei Rublev, Daniil Chorny ndi anzawo, zaka pafupifupi 600 zapitazo. Chithunzi chotchuka kwambiri cha Rublev, cha Utatu Woyera, chinajambulidwira malo amenewa. Chimaonetsa alendo atatu aja amene anafika kwa Abrahamu ku Mamre, pa Genesis 18, atakhala mozungulira tebulo. Chinakhala zaka zambiri ku Tretyakov Gallery, nyumba yosungiramo zithunzi ku Moscow, mpaka mu 2023 pamene boma linachipereka m'manja mwa mpingo. Amayi awerenge mutu umenewo usiku woti mawa ulendo, adzachiona ndi maso ena. Kujambula mkati muno n'koletsedwa, ndipo ngakhale panja, mmonke musamulozetse kamera osapempha.

Zina ziwiri zoti muwauze amayi. M'matchalitchi a Orthodox anthu amapemphera choimirira, mulibe mabenchi ngati kwathu. M'mbali mwa khoma mumapezeka pokhala pochepa pa okalamba ndi odwala, ndiye akatopa asachite manyazi kukhala. Chachiwiri, Mgonero ndi wa a Orthodox okha, asalowe pa mzere umenewo. Kuyatsa kandulo n'kupempherera abale aliyense angathe.

Mukatuluka mpamene mupite ku tchalitchi chachikulu chija, Uspensky Sobor. Anayambitsa ndi mfumu Ivan, yemwe mbiri imamutcha Woopsa, mu 1559, ndipo chinatha mu 1585 iye atamwalira kale. Pafupi ndi khomo lake pali kanyumba kotsika ka manda kamene anthu ambiri amangokadutsa. Mmenemo muli mfumu Boris Godunov ndi banja lake, kunja kwa tchalitchi, kutali ndi manda a mafumu anzake a ku Kremlin, linga la mafumu la ku Moscow. Pambali pomwepo pali kasupe, anthu amamwa, kusamba kumaso ndi kutungira m'mabotolo. Tengani botolo lopanda kanthu, madziwo ndi ozizira bwino ndipo amayi adzafuna kulawa.

Nsanja ya mabelu ndi yotalika mamita 88. Kukwera muiwale, mawondo aja sangalole, ndipo kuiona muli pansi n'kokwanira. Koma mbiri yake muidziwe. Chikomyunizimu chitalowa, Lavra inatsekedwa mu 1920, amonke anabalalitsidwa, ndipo mu 1930 mabelu akuluakulu anawagwetsa pansi n'kuwaphwanya. Chaka chomwecho mzindawu unasinthidwa dzina kukhala Zagorsk, ndipo dzina lakale linabwerera mu 1991. Mapemphero anayambiranso mu 1946. Belu lalikulu limene lilipo lero, lolemera matani 72, analikweza mu 2004. Mukalimva likulira, phokoso lake mumalimva m'chifuwa. Linga lozungulira nalonso si lokongoletsera chabe: kuyambira 1608 mpaka 1610 asilikali a ku Poland ndi Lithuania anazinga malowa miyezi 16 koma analephera kulowa, ndipo mu 1689 Peter Wamkulu, ali mnyamata, anathawira momwemu pamene ankalimbirana ufumu ndi mlongo wake Sophia. UNESCO inaika Lavra pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1993.

Matchalitchi ena alipo angapo, koma musalimbane n'kuwamaliza onse. Ngati mphamvu zilipo, suzumirani m'nyumba yaitali yopakidwa mitundumitundu imene kale amonke ankadyeramo, basi.

Chakudya musavutike kupita kutali. Mkati momwemo ndi pafupi ndi chipata amagulitsa buledi wophikidwa ndi a ku Lavra, pirozhki, zomwe ndi timabanzi toika kabichi, mbatata kapena maapozi mkati, ndi makeke a uchi otchedwa pryanik. Amayi alaweko kvas, chakumwa chowawasira chopangidwa ndi buledi, chidzawakumbutsa thobwa logona. Medovukha ndi ya uchi koma kawirikawiri imakhala ndi mowa, ndiye ngati sakumwa mufunse kaye. Mukafuna chakudya chokhalira pansi, malo odyera ali kunja kwa linga, ndipo bliny, zomwe ndi zitumbuwa zopyapyala, ndi supu yotentha sizikhumudwitsa. Nyamulani ma ruble a m'manja. Inu mwina muli ndi khadi ya banki ya komweko, koma Visa kapena Mastercard ya amayi yochokera kwathu sigwira ntchito ku Russia chiyambire 2022. Mapasipoti ndi mapepala anu onse akhale m'chikwama.

Masana, mukapuma, tsikirani ku dziwe la Kelarsky, pali mabenchi ndipo linga limaoneka bwino kuchokera kumeneko. Chapafupi pali nyumba yosungiramo zidole zakale, imene inayambira ku Moscow mu 1918 n'kusamukira kuno mu 1931. Mzinda uno ndi wodziwika ndi zosemasema, ndipo zidole zija zolowetsana m'mimba, matryoshka, zakhala zikupangidwa kuno kwa zaka zoposa 100. Za adzukulu mugule konkuno. Musanalipire, tsegulani chidolecho mpaka kamwana komaliza, muone ngati zonse zikutsekeka bwino komanso ngati nkhope anazijambula ndi dzanja. Masiku otsegulira nyumbayi muyang'aniretu pa intaneti, chifukwa malo otere satsegula sabata yonse.

Ena m'gulu muno adzakuuzani kuti muwonjezere Chernigovsky Skit, kumene kuli tchalitchi cha pansi pa nthaka, kapena mutsikire ku Abramtsevo pobwerera. Onsewo ndi malo abwino, koma si a ulendo uno. Masitepe otsikira m'mapangamo ndi opanikiza, ndipo amayi akatopa kwambiri zimene anaona m'mawa zidzafufutika. Mudzapiteko nokha musananyamuke ku Russia.

Za tsiku: ngati n'kotheka sankhani pakati pa sabata. Pa 18 Julayi ndi pa 8 Okutobala ndi masiku okumbukira Sergius, ndipo pa chikondwerero cha Utatu Woyera, chimene chimagwa kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, anthu amachita kuthithikana. Kuona khamulo n'kosangalatsa, koma kwa munthu wovutika kuima si bwino. Poti mwati mwambo wanu uli m'chilimwe, dzuwa limalowa mochedwa, cha m'ma 9 koloko usiku, choncho palibe chothamangira. Ngati amayi akadali ndi mphamvu, dikirani mapemphero a madzulo amene amayamba cha m'ma 5 koloko, muime kumbuyo mphindi 20 zokha mumve amonke akuimba, kenaka muitane takisi ya ku siteshoni. Juzi yopepuka muwanyamulire, m'matchalitchi amiyalawo mumazizira ngakhale kunja kukutentha.