Kompyuta ikuzima yokha masana: mugule mafani anayi?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 25, omwe ali ndi kashopu kotayipa makalata, kupulinta komanso kuikira anthu nyimbo m'mafulashi. Ndaidulako, koma nkhani yake ndi iyi:

"Kompyuta yanga ndi ya Core i5 yakalekale, ndinagula yakaunjika. Chilowereni Okutobala ikumazima yokha cha m'ma 2 koloko masana, nthawi zina kasitomala ali chiimire. Isanazime imalira ngati chigayo. Ndinachotsa chitseko cha m'mbali n'kuilozetsa fani ya patebulo, zasinthako pang'ono. Mnzanga akuti ndigule mafani anayi ndimange. Nditero?"

Achimwene, ndalamazo zibakhala kaye m'thumba.

Kuzimako si ufiti, ndipo makinawo sanafe. Purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyutayo, ikatentha kufika cha m'ma madigiri 100 imayamba yadzichepetsera liwiro, ndiye nthawi ija mumaona mbewa ya kompyuta (mouse) ikukakamira ndipo Word ikutenga chaka kuti itseguke. Kutenthako kukapitirira, imadzizimitsa yokha kuti isapse. Choncho musanagwire sikuludalaivala, yezani. Ikani kapulogalamu kaulere kotchedwa HWMonitor kapena Core Temp, mukasiye kotsegula, muzigwira ntchito zanu monga mwa masiku onse. Kompyuta ikangokhala osachita kanthu, madigiri 35 mpaka 50 ndi abwinobwino nyengo inoyi. Ikamagwira ntchito yolemetsa, 70 kapena 80 musadandaule nayo. Ikamagunda 90 kupita m'tsogolo, vuto lapezeka. Hard disk, mosungira mafayilo anu, nayo muiyang'ane pa HWMonitor, isamapitirire 50. Lembani manambalawo papepala, m'mawa ndi masana, chifukwa ndi omwe adzakuuzeni ngati zomwe mwakonzazo zathandiza kapena mwangodzinyenga.

Koma ikazima manambala ali otsika, ndiye kuti tikuthamangitsa mbuzi ya eni. Pamenepo mukayikire power supply (kabokosi kogawa moto m'kompyutamo) kapena magetsi akubwera ofooka.

Ineyo ndikhoza kubetcha kuti ndi fumbi. Aliyense wokhala mu Lilongwe muno akudziwa momwe zimakhalira kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba: mwapukuta tebulo m'mawa, pofika masana mutha kulembapo dzina lanu ndi chala. Nanga shopu ili m'mbali mwa msewu, ma minibasi ndi akabaza akudutsa tsiku lonse? Kompyuta imakoka mpweya womwewo kuyambira potsegula mpaka potseka. Pansi pa fani ya purosesa pali chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi timipata tambirimbiri ngati chipeso, chomwe timati heatsink. Ntchito yake n'kulandira kutentha kwa purosesa kuti mpweya wodutsa m'timipatamo ukutenge. Mukamasula faniyo, nthawi zambiri mupeza pamwamba pa timipatato pali chinthu chofiirira chogwirana ngati kachidutswa ka bulangete, choti mutha kuchisenda ndi zala chonse n'kuchoka nthawi imodzi. Fani imazungulira mwamphamvu, n'chifukwa chake ikulira ngati chigayo, koma mpweya ukungogunda pabulangetepo n'kubwerera. Mutamanga mafani khumi, bulangetelo likadalipo, mwangoonjezera phokoso.

Zimitsani, zulani waya kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, kenako tulutsani bokosilo panja. M'shopu musapukutiremo, mungatsamwitse pulinta. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanakhudze motherboard, bolodi yaikulu ija pomwe palumikizidwa zida zonse. Bulashi yatsopano yopentera, yofewa, imagwira ntchito bwino kwambiri, ndipo ngati mungabwereke bulowa kwa anyamata okonza makompyuta, ndiye bwino koposa. Pouzira, gwirani mapiko a fani ndi chala asazungulire, chifukwa mphepo ya bulowa imaizunguza mopyola muyeso wake n'kuononga beringi.

Langizo loti mupite nayo kwa okonza matayala akauzire ndi kompuresa mudzalimva ndithu. Ine ndinachitapo ndili wongoyamba kumene. Fumbi linachokadi lonse mpaka anthu odikira pampu anathawa, koma m'thanki ya kompuresa mumakhala madzi, ndipo nditabwerera ndinapeza timadontho pa motherboard. Ndinaisiya masiku awiri ndisanayatse, mtima uli m'mwamba. Inayaka, koma sindinabwerezenso.

Power supply iuzireni muli kunja, kudzera m'timabowo take. Musaitsegule. Muli ma capacitor, tizida tooneka ngati timigolo, omwe amasunga moto ngakhale mutazula waya, ndipo sachita nthabwala.

Poti mwatsegula kale bokosi la kompyutalo, sinthaninso thermal paste. Ameneyu ndi phala lotuwa lomwe limapakidwa pakati pa purosesa ndi heatsink kuti litseke timipata tosaoneka ndi maso, kutentha kuzidutsa mosavuta. Pa kompyuta ya zaka khumi mupeza lauma gwa ngati dothi la pachulu. Pukutani mbali zonse ziwiri ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl (mtundu wa spiriti wopukutira zida zamagetsi), kapena spiriti wamba ngati isopropyl wasowa, mudikire ziume. Ikani kadontho kamodzi pakatikati, kukula ngati njere ya nandolo, basi. Si majarini wopaka pabuledi. Heatsink ikatsindira, phalalo limafalikira lokha. Ndipo chonde, mankhwala otsukira mano ayi. Ndinaonapo kamodzi kuno, fungo lake la minti likumveka m'bokosi. Ngati heatsink yanu ndi ya timapini tinayi ta pulasitiki ta Intel tija, tsindirani awiriawiri mopingasa mpaka aliyense alire kuti "tha". Kapini kamodzi kakapanda kulowa, heatsink imakhala yopendekeka ndipo kutentha kumakwera kuposa poyamba.

Tsopano za mafani, zomwe mwafunsazo. Ganizirani khitchini ya nkhuni yopanda zenera. Mutaika ana anayi m'katimo kuti azikupiza ndi zivindikiro, utsi ungozungulira momwemo, onse misozi ili chuchuchu. Koma boolani kazenera kumbuyo, khomo lili lotsegula, utsi upeza njira wokha. Bokosi la kompyuta linapangidwa chimodzimodzi: mpweya wozizira ulowe kutsogolo cha m'munsi, udutse pa hard disk, pa RAM ndi pa purosesa, utuluke kumbuyo cha kumtunda. Fani imodzi yotulutsa kumbuyo ndiye yofunika kwambiri. Ngati palibe, gulani imeneyo. Ngati kutsogolo kuli malo omangapo, onjezerani ina yolowetsa. Ziwiri zakwana pa makina otayipira ndi kupulinta.

Musanapite kutauni yezani malo omangapo fani kumbuyoko. Mabokosi akale ambiri amalandira ya 80mm kapena 92mm, ena ya 120mm. Ngati yaikulu ikukwana, tengani yaikuluyo, chifukwa imakankha mpweya wambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, phokoso n'kuchepa. Jambulaninso ndi foni polumikizira pa motherboard. Mafani wamba ndi a 12V, a mapini atatu kapena anayi, koma ma Dell OptiPlex ambiri akale ali ndi pulagi yawoyawo ya mapini asanu, ndiye fani wamba siingolowa. Pamenepo mufunika kolumikizira kapadera, kapena fani yotenga moto pa waya wa Molex, wa pulagi yaikulu ya mabowo anayi, wochokera ku power supply. Ndipo ngati bokosi lanu ndi laling'ono lopyapyala lija, mwina mulibe n'komwe malo a fani yoonjezera. Zikatero ntchito yonse yagona pa kupukuta.

Chomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi kumanga fani chozondoka. Yang'anani m'mbali mwake, nthawi zambiri pamakhala timivi tiwiri, kena kosonyeza kozungulirira, kena kosonyeza kolowera mphepo. Ngati palibe, kumbukirani kuti mpweya umatulukira mbali yomwe kuli timitanda togwira mota. Mukamanga, yatsani n'kuyandikiza kachidutswa ka tishu. Kumbuyo kaziuluzika, kutsogolo kazikakamira.

Kenako bwezerani chitseko chija. Ndikudziwa kuti mwati zinasinthako mutachotsa, ndipo sindikukana, fani ya patebulo ndi yamphamvu. Koma ikuthiranso fumbi la mumsewu pa motherboard tsiku lonse, ndipo bokosi lotsegula m'mbali limasokoneza njira ija, fani yakumbuyo imangokoka mpweya wa pafupi nayo, hard disk kutsogolo n'kumapsa yokha. Osanena za mphemvu ndi mwana wa kasitomala wofuna kugwira chozungulira. Mawaya olendewera pakati amangeni pamodzi muwakankhire kumbali.

Walira mvula walira matope: fani yolowetsa mpweya ilowetsanso fumbi. Dulani kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu, muchape, muyale kutsogolo kwa faniyo. Muyale kamodzi kokha, mukapinda kangapo mutsamwitsa fani. Nyengo ino muzikakutumula sabata iliyonse.

Chinthu china sichilira ndi tambala yomwe. Bokosilo lili pati? M'mashopu ambiri ndimalipeza pansi pa tebulo, pasimenti, pomwe tsache limakankhira fumbi m'mawa uliwonse, msana wake utagunda kukhoma, pamwamba atasanjikapo mapepala. Kunyumba zina ndimalipeza litavekedwa kansalu koluka kofanana ndi ka pa TV, kokongola ndithu, katatseka timabowo tonse. Likwezeni patebulo, musiye mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kumbuyo kwake, ndipo dzuwa la pazenera lisaliombe. Dziwaninso kuti fani siiziziritsa mpweya, imangousuntha. Ngati shopu yanu ndi ya malata opanda siling'i, kunja kuli madigiri 32, m'katimo muli kuposa apo, ndipo mpweya umenewo ndi womwe kompyuta ikupuma. N'chifukwa chake ikusankha 2 koloko osati 8 m'mawa. Tsegulani zenera la kumbuyo, ndipo fani ya patebulo ija izikupiza chipinda ndi inu amene.

Mukakhala mwatsegula, yang'ananinso timigolo ting'onoting'ono toimirira pafupi ndi purosesa, ma capacitor a pa motherboard. Mitu yake iyenera kukhala yafulati. Mukapeza ina yatupa kapena yatuluka zinthu zofiirira pamwamba, ijambuleni munditumizire pamodzi ndi manambala a m'mawa ndi masana aja, tione ngati n'zowotcherera kapena motherboard yatopa.